Filimu ikatuluka ndi chifunga, yambirani m'mphepete

Munthu amene amatsuka yekha mafilimu kunyumba sangalephere kukumana ndi tsiku limene filimu idzatuluka m'thanki ili mbuu. Zithunzi zilipo ndithu, nkhope za anthu zikudziwika, koma zonse zakutidwa ndi kutuwa kumene panalibe pa nthawi yojambula. Malo amene anayenera kuonekera kuseri aderako. Nthawi zina ndi mbali imodzi yokha imene yada, nthawi zina ndi mikwingwirima yongodutsa, yosasamala pamene chithunzi china chathera ndi pamene chinzake chayambira. Chimenechi ndiye chifunga, ndipo chimawawa chifukwa chithunzi cha pa filimu chilibe chinzake. Ukwati uja sudzachitikanso, mwana uja wakula kale.

Chala chimathamangira kuloza thanki. Mpake, ndi momwe filimu yangotulukamo, ndiponso mtima suvomereza msanga kuti chinthu choopa kuwala chingatsukidwe masana, nyali ikuyaka, m'chigubu chapulasitiki chokhala ndi bowo pamwamba. Koma ine thanki ndimaiikira kumbuyo. Ilibe batire, ilibe sipuling'i, ilibe chimene chimatha msanga. Imatha kulowetsa kuwala, inde, ndipo ndifikako, koma kawirikawiri imasenzetsedwa mlandu wa ena. Filimu imakhala m'thanki pafupifupi theka la ola basi. Isanafike m'menemo yakhala miyezi kapena zaka kwa ogulitsa, m'chikwama, m'galimoto yotentha, m'kamera, komanso mphindi zingapo ili pamtunda pakati pa zala zanu, mumdima umene mumangoukhulupirira.

Pankhope pa filimu pali gelatin wopyapyala, chinthu chonga guluu wouma, ndipo m'kati mwake muli timibulu ta mchere wa siliva tosaoneka ndi maso. Kuwala kukatikhudza timasintha mobisika, mankhwala oyamba, otchedwa developer, akabwera amatisandutsa siliva wakuda. Totsala, tosakhudzidwa, mankhwala ena otchedwa fixer amatisungunula n'kutichotsa, ndiye pamene pamaonekera kuseri paja. Vuto ndi lakuti developer safunsa kumene kuwala kwachokera. Kodutsa mu lenzi ndi kodzera pansi pa chitseko kwa iye n'chimodzimodzi. Si kuwala kokhanso ayi: kutentha, kukhalitsa, makina a X-ray, ngakhale developer yemweyo akapitirira muyezo, zonsezi zimatha kudetsa timibulu timene lenzi sinatione n'komwe. Ndiye funso limene ndimayamba nalo ndi ili: kuda kumeneku kunalowa liti? Yankho lake limakhala litalembedwa pa filimu pomwepo.

Choyamba, siyani kaye kompyuta. Sikana imadula m'mphepete mwa filimu, imadzikonzera yokha kuwala ndi mdima, ndipo chimene imakuonetsani ndi maganizo ake. Tengani negetivu yeniyeniyo itauma, yathunthu musanaidule ngati n'kotheka, muiyang'ane pa kuwala koyera kofanana paliponse. Sikirini ya foni kapena ya tabuleti yoonetsa tsamba loyera imakwana, bola filimu italikirane nayo pang'ono. Galasi lokulitsira likhale pafupi. Zithunzi muzione pambuyo, maso ayambe kunja kwake.

Pa filimu ya 35mm chithunzi chilichonse ndi mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Kunja kwake kuli mizere iwiri ya timabowo, timabowo 8 mbali iliyonse pa chithunzi chimodzi, ndipo pakati pa chithunzi ndi chinzake pali kampata kochepa. Malo onsewa kamera imawaphimba, kuwala kochokera mu lenzi sikufikako. M'mphepete momwemo muli zilembo zimene fakitale inasindikiza ndi kuwala: dzina monga ILFORD HP5 PLUS kapena KODAK 400TX, ndi manambala a zithunzi. Zilembozi sizioneka mpaka developer atagwira ntchito yake. Choncho m'mphepete muli mboni ziwiri. Zilembo zimanena za developer, ndipo malo opanda kanthu ozizungulira amanena ngati kunalowa kuwala kosaitanidwa.

Zilembo zikakhala zakuda bwino, pozizungulira pali mbee, koma zithunzi zokha ndizo zada mopitirira, pamenepo palibe chifunga. Kuwala kunadutsa mu lenzi momwemo, kunangochuluka, ndipo wofunsidwa ndi mita yoyezera kuwala ya kamera kapena shutter, kachitseko kolowetsa kuwala pojambula, imene yayamba kuchedwa kutseka. Filimu yonse ikakhala mbee popanda ngakhale chilembo chimodzi, ndiye kuti fixer analowa developer asanalowe, kapena developer anali atafa kale m'botolo. Zilembo zilipo koma zithunzi palibe: filimu sinayende m'kamera, kapena shutter sinatseguke. Yonse bii mpaka zilembo kumira: inaona kuwala kwathunthu penapake. Izi n'zosavuta. Zofuna kudekha ndi zimene zili pakati.

Ndimayamba ndi chifunga chabodza, chifukwa ndicho chokhacho chimene chimachira. Filimu imene fixer sanaimalize imaoneka yamtundu wa mkaka, yosaonekera bwino kuseri, makamaka mzere wapakati m'litali mwake, ndipo mukaitembenuza kumsana mumaona kuyererako m'malo mwa kuda. Umenewo ndi mchere wa siliva umene sunachoke. Sakanizani fixer watsopano, muibwezeremo filimuyo nyali ikuyaka, muitsukuluzenso ndi madzi, muiyanike. Nthawi zambiri mkaka uja umasungunuka mukuona. Musachedwe nazo masiku ambiri, chifukwa mchere wotsalawo umapitiriza kuda ukamaona kuwala.

Kuti zisabwerezeke, fixer ayesedwe asanagwire ntchito. Kalilime ka filimu kamene mumadula musanaikulunge pa reel, chokulungirapo filimu cholowa m'thanki, musakataye. Donthezani dontho limodzi la fixer pankhope pake, dikirani masekondi 30, kenako kamizeni konse m'kapu ya fixer n'kuyamba kuwerenga nthawi. Poyamba muona kadontho koonekera kuseri pakati pa kutuwa. Pang'onopang'ono kutuwako kumachoka, mpaka kadontho kaja sikakusiyananso ndi pozungulira pake. Nthawi imeneyo muiwirikize kawiri, ndiyo nthawi yochepetsetsa imene filimu yamtundu umenewo iyenera kukhala mu fixer. Nthawi yoyeretsayo ikadzafika powirikiza kawiri imene inkatenga fixer ali watsopano, watopa, musinthe. Ilford Rapid Fixer wosakaniza 1+4 (muyezo umodzi wa fixer, inayi ya madzi) amalembedwa kuti mphindi 2 mpaka 5, koma mafilimu a T-Max ndi Delta amafuna kumapeto kwa nthawiyo ndipo amatopetsa fixer msanga. T-Max ikatuluka yofiirira ngati pinki, ndi utoto wa fakitale umene sunachoke, ndipo fixer wokwanira ndi kutsukuluza mosafulumira zimauchotsa. Pali mtundu wina wa mkakawu umene umabwera m'zigamba: filimu inadumpha m'njira yake pa reel n'kumatana ndi mkombero woyandikana nawo, mankhwala osadutsa pakati. Fixer watsopano ayeretsa zigambazo, koma chithunzi sichibwera pamenepo, chifukwa developer nayenso sanafikepo. Reel yapulasitiki yonyowa ndiyo imakonda kuchita zimenezi. Iume gwa musanaigwiritse ntchito.

Chifunga china chabodza ndi mtundu wa pulasitiki ya filimuyo. Mafilimu ambiri a 35mm, kuphatikizapo HP5 Plus ndi Tri-X, pulasitiki yake inanyikidwa dala utoto wotuwa kuti kuwala kusamayende m'kati mwake. Filimu ya dzina lomwelo ya 120, ija yotakata yokulungidwa ndi pepala, imakhala yoyera kuposa pamenepo, ndiye wozolowera 120 akatsuka 35mm koyamba amadzidzimuka pachabe. Dulani kachidutswa kosajambulidwa, mukaike mu fixer mokha osadutsa mu developer. Chimene chatulukacho ndiwo mtundu wa pulasitiki. Chiyerekezeni ndi m'mphepete mwa filimu yanu. Kusiyana pang'ono kumakhalapo nthawi zonse, palibe filimu imene imadutsa mu developer osatolako kuda pang'ono. Kusiyana koonekera patali ndiko chifunga chenicheni.

Tsono chenichenicho chili pawiri: chofanana paliponse ndi chokhala ndi maonekedwe. Chofanana chimagona mosalala kuyambira pa chithunzi choyamba mpaka chomaliza, m'mphepete ndi pakati chimodzimodzi. Kuwala kolowera pamng'alu sikuchita mwadongosolo chotero. Zikatere ndimaganizira za moyo wa filimuyo isanajambulidwe, kapena za mankhwala. Filimu imakalamba. Kutentha ndi chinyezi zimafulumizitsa ukalambawo, ndipo tsiku limodzi m'galimoto yotsekedwa padzuwa likhoza kuchita zimene chaka cha pamalo ozizira sichikanachita. Firiji imachedwetsa zimenezi koma siitchinga cheza chachilengedwe chimene chimadutsa m'makoma ndi m'zitsulo zomwe. N'chifukwa chake mafilimu othamanga kwambiri monga Delta 3200 ndi T-Max P3200 amatola chifunga ngakhale atasungidwa bwino, pamene ya ISO 50 kapena 100 (ISO ndi nambala yosonyeza mmene filimu imamvera kuwala msanga) imapirira zaka zambiri. Filimu yakale ili ndi kukoma kwake, ndipo ndimamvetsa amene amaisakasaka. Amaipatsa kuwala kowonjezera pojambula, ena amasankha developer wotchedwa HC-110 chifukwa sakweza chifunga kwambiri, ena amathira benzotriazole pang'ono, mankhwala ochepetsa chifunga, mu developer. Zonsezo n'zabwino. Chimene ndimakana ndi kuyesera kamera yachilendo kapena thanki yatsopano ndi filimu yotha nthawi yosadziwika kumene yakhala. Ikatuluka ndi chifunga simudziwa woti mumufunse.

Amene ayenda pa ndege awonjezere makina ounikira katundu. Aja ounikira masutikesi opita kunsi kwa ndege ndi amphamvu kwambiri, filimu isapiteko n'komwe. Makina atsopano a CT ounikira zikwama za m'manja nawonso ndi oopsa: Kodak ndi Ilford onse anachenjeza kuti akhoza kuwononga filimu ya ISO iliyonse. Chizindikiro chake nthawi zina ndi kutuwa kofanana kokhala ndi timadontho tokhakhala, nthawi zina ndi mzere wokhotakhota wokwera ndi kutsika m'litali mwa filimu, chifukwa cheza chinadutsa filimu ili yokulungidwa. Pemphani kuti aiyang'ane pamanja.

Za mankhwala sizichuluka. Nthawi zolembedwa pa mapepala a mafilimu akuda ndi oyera zimawerengera developer wa madigiri 20. Akatentha kuposa apo inu n'kusunga nthawi yomweyo, kapena mukatalikitsa nthawi kwambiri pofuna kukankha filimu ya 400 kuti ifike 1600 kapena 3200, chifunga chimakwera limodzi ndi chithunzi. Zilembo za m'mphepete zimakhala zakuda mopitirira, zonenepa. Kuipitsana kwa mankhwala nako kuli ndi chizindikiro chake chosasokoneza. Fixer akadonthera mu developer, kapena filimu yodzaza developer ikalowa mu fixer wotopa popanda stop bath (mankhwala oimitsa developer) kapena madzi pakati, pamabwera chifunga cha mitundu iwiri: mukaipendeketsa pansi pa nyali imanyezimira mobiriwira, mukaipenyera kuseri imaoneka yofiirira. Botolo lililonse likhale ndi chikho chake choyezera, cholembedwa dzina, ndipo thanki ndi reel zitsukidwe bwino ntchito ikatha.

Chifunga chokhala ndi maonekedwe ndicho cha kuwala, ndipo apa mpamene kuwerenga kumakoma. Kuwala kolowera m'kamera kumasunga mwambo. Kumagwa pamalo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse, kapena pa mtunda wofanana, chifukwa bowo lili pamodzi ndipo filimu ndiyo ikuyenda. Kumada kwambiri pamene filimu inaima nthawi yaitali kamera ili padzuwa, n'kuzimiririka pa zithunzi zimene munajambula motsatizana mwachangu. Mukaona mkwingwirima woima, wodutsa kuchokera ku timabowo ta m'mwamba mpaka ta m'munsi, ganizirani za chitseko cha kumbuyo, makamaka mbali ya hinji. Makamera ambiri a zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anatchingidwa ndi siponji yakuda m'mizere ya chitseko, ndipo siponjiyo ikakalamba imasanduka phala lomata lakuda. Igusuleni ndi kamtengo kotokosera m'mano, mukaona ikumata kapena kuyoyoka, yatha. Aja okhala ndi kawindo koonera dzina la filimu kumbuyo, siponji yozungulira kawindoko nayo imatha chimodzimodzi. Pa filimu yamitundu pali thandizo lina: kuwala kolowera kumbuyo kumatuluka kofiira kapena kwa olenji pa chithunzi chomalizidwa, chifukwa kunadzera kumsana kwa filimu, pamene kolowera kutsogolo kumakhala koyererako. Kuyesa kwake n'kotchipa. Ikani filimu yatsopano, jambulani theka, matani tepi yakuda m'mizere yonse ya chitseko, jambulani theka linalo.

Chifunga chikakhala pa zithunzi zoyambirira zokha n'kumachepa mukamalowa m'kati, kuwala kunadzera pakamwa pa kachitini ka filimu. Kansalu kaubweya ka pakamwapo kali ndi malire ake, makamaka pa zitini zodzazanso pamanja. Mafilimu a pulasitiki ya polyester yoyera mbee amanyamula kuwala m'kati mwa pulasitikiyo kuchokera ku lilime mpaka zithunzi zingapo, ndiye amenewa aikidwe m'kamera pamthunzi. Pa 120, mpukutu ukatuluka m'kamera uli wofufuma, wosamangika, kuwala kumalowa pakati pa pepala ndi mawilo a m'mbali, ndipo mumaona kuda kolowerera kuchokera m'mphepete.

Koma malo amene ndimawakayikira kuposa onse ndi mphindi zija za pakati pa kachitini ndi thanki. Filimu ya zithunzi 36 ndi yotalika kupitirira mita imodzi ndi theka, ndipo nthawi yonseyo ili pamtunda. Chifunga cha pamenepa chilibe mwambo. Sichidziwa malire a zithunzi, chimada apa, n'kudumpha, n'kudanso uko. Chizindikiro chimene ndimachisaka ndi mithunzi ya timabowo: timakona takuda tofanana ndi timabowo ta filimu, koma tosindikizika pamalo pamene palibe bowo, mwina topendekeka, mwina tolowa m'chithunzi. Zimenezo zimatanthauza kuti filimu inali itadzipinda yokha, kuwala n'kudutsa m'timabowo ta mkombero wapamwamba n'kugwera wapansi. Zikhozanso kuchitika chitseko cha kamera chikatseguka filimu isanabwezedwe m'kachitini, koma zikatero mwini wake amakumbukira.

Chipinda chimene mumati ndi chamdima, khalanimo mphindi 10 musanatsegule kachitini. Maso amafuna nthawi. Poyamba zonse zili bii, kenako mzere wa pansi pa chitseko umayamba kuoneka, bowo la kiyi, kanyali ka chaja, kanyali kofiira ka pa soketi. Mukatha kuona dzanja lanu, filimu ya 400 inaliona kale. Machubu aatali a magetsi amapitiriza kunyezimira pang'ono atazimitsidwa. Nyali yofiira ya m'chipinda chotsukira zithunzi ndi ya mapepala, filimu wamba imaona mitundu yonse, chofiira chomwe, ndipo ndi mafilimu a ortho okha, aja osaona kuwala kofiira, monga Ilford Ortho Plus, amene amailola. Ngakhale tepi yomata filimu ya 120 ku pepala lake imathetheka mukaisomphola mwamphamvu. Ichotseni mwapang'onopang'ono, kapena ingoidulani ndi sizasi.

Thumba lakuda losinthiramo filimu limathetsa zambiri mwa izi, koma lili ndi zake. Mazipi ake ndi awiri ndipo onse atsekeke mpaka kumapeto. Mikono ilowe mpaka kupitirira zigongono, labala wa m'manja mwa thumba agwire thupi, osati malaya okhuthala. Dzanja lisatuluke ntchito ili pakati. Reel ikakanirira, ikani filimu yonse m'thanki, tsekani bwino, mupume, muyambirenso. Ndipo musakhale nalo padzuwa, thumba lokalamba limakhala ndi timabowo m'misoko.

Mnzanga wina anandibweretsera mafilimu ochokera m'makamera awiri osiyana, onse ali ndi zigamba zakuda zomwazikana ndi mithunzi ya timabowo apa ndi apo. Anali atagula kale thanki ina, vuto osatha. Makamera awiri sangadwale matenda amodzi sabata imodzi, ndipo thanki yatsopano inali itasonyeza kale kuti mlandu si wa thanki. Ndinamupempha kuti andionetse mmene amachitira, ndi filimu yotayika, nyali ikuyaka, popanda thumba. Anagwira reel, n'kuyamba kupotoza manja uku ndi uku monga imafunira reel yapulasitiki. Ulendo uliwonse dzanja lamanzere likatembenuka, nkhope ya wotchi yake yamakono inkayaka. Lamba atasuntha pang'ono, pansi pake panaonekanso kanyali kobiriwira kowerenga kugunda kwa mtima, kali phethiphethi. Ankatseka mazipi onse mosamala kwambiri, nyali ataitsekera m'kati momwemo limodzi ndi filimu. Wotchi iliyonse, ngakhale yakale ya manambala owala usiku, ivulidwe.

Tsopano thanki. Imalola madzi kulowa n'kukaniza kuwala chifukwa madzi amakhota pamene kuwala kumangoyenda mowongoka. M'thanki yapulasitiki ya mtundu wa Paterson, fanulo yapamwamba imalowetsa mlomo wake m'paipi yakuda yapakati, ija imene mumavekapo reel. Mankhwala amatsika m'paipimo, amatulukira pansi, n'kukwera m'mbali. Paipi imeneyo anthu ambiri amaiona ngati chogwirizira reel chabe, chonsecho ndiyo theka la msampha wa kuwala. Ikaiwalika panja pa thumba, thanki imatsekeka bwinobwino, osaonetsa vuto lililonse, koma kuwala kumatsika m'fanulo n'kufika pa filimu. Ilowe nthawi zonse, mbali yake yotambalala ili pansi, ngakhale mukutsuka filimu imodzi yokha. Fanulo nayo ipotozedwe mpaka imveke kuti yakodwa, ndipo muikoke pang'ono muli mumdima momwemo kuti mutsimikize. Chivundikiro chalabala chapamwamba ntchito yake ndi kutchinga madzi potembenuza thanki, kuwala sichikukhudzana nako. Pokhuthula mankhwala ndimaika chala pa fanulo, chifukwa yosakodwa bwino imagwa nthawi imeneyo, filimu isanaone fixer.

Kuwala kolowera m'thanki kumasiya chizindikiro cha reel. Kumada kwambiri m'mphepete imodzi, ija inayang'ana kumwamba, n'kumachepa potsika. Mumaona mipata yoyera yobwerezabwereza pamene nthiti za reel zinatchinga. Paipi ikasowa, zovulala kwambiri ndi zithunzi za mkombero wam'kati. Pa 35mm yolowetsedwa kuyambira ku lilime, zimenezo ndi zithunzi zoyambirira, koma pa 120 nsonga imene mumayamba kuigwira pofunyulula pepala ndi ya chithunzi chomaliza, ndiye zam'kati ndi zomalizira. Mng'alu wa pakhoma la thanki yogwa pansi umachita mosiyana, umadetsa mkombero wakunja pamalo amodzi. Pa mathanki achitsulo, chokayikitsa ndi chivundikiro chapulasitiki chimene chimang'aluka m'mbali chikakalamba, kapena chivundikiro cha thanki ina chimene chikuoneka ngati chakwana. Ndipo chidwi chofuna kusuzumira chidikire: stop bath amangoimitsa developer, filimu ikadali yoopa kuwala mpaka fixer atagwira ntchito kwa kanthawi.

Pali zilema zina zimene zimabadwira m'thanki koma si za kuwala. Paterson imafuna mamililita 290 pa filimu imodzi ya 35mm ndi 500 pa ya 120, manambalawo analembedwa kunsi kwa thanki. Mankhwala akachepa, kapena reel ikakwera m'paipi potembenuza, mbali yam'mwamba imatuluka yoyererako pa negetivu, osati yakuda. Kukhutchumula mwaukali kumabweretsa mizere yakuda yochokera pa timabowo kulowa m'chithunzi, yotalikirana mofanana ndendende ndi timabowoto. Tizindikiro takuda tokhota ngati chikhadabo ndi pamene filimu inathyoledwa ndi zala poikakamiza pa reel.

Mukawerenga zonsezi koma mpaka pano muli kakasi, perekani filimu imodzi yatsopano, ya ISO 400, kuti ikhale yoyesera. Muidule zidutswa usiku, m'thumba, m'chipinda chozimitsa nyali, ndipo chilichonse muchidule pakona mosiyana kuti mudzachizindikire. Chimodzi chipite mu fixer mokha. China chisungidwe m'kabotolo kakuda ka filimu, chisaone chilichonse. China chigone m'thumba mphindi 10 masana, pamalo amene mumakhala nthawi zonse, mikono yanu ili m'kati ikuyendayenda, kiyi atagona pamwamba pake. China chikulungidwe pa reel, chitsekeredwe m'thanki, thankiyo ikhale padzuwa mphindi 15 popanda chivundikiro chalabala, muiunikirenso ndi tochi m'fanulo ndi m'mbali monse. Kenako bwererani mumdima, muike zidutswa zonse zosatsukidwa pa reel imodzi, muzitsukire limodzi, kuti developer, kutentha ndi nthawi zikhale zofanana. Cha m'kabotolo chikada, nkhani ili pa filimu kapena mankhwala. Chithunzi cha kiyi chikaoneka, ndi thumba. Cha m'thanki chikada chokha, pamenepo ndiye ndivomera kuti thanki yalakwa. Zonse zikatuluka mbee, kamera ndiyo yatsala. Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi kusintha zonse nthawi imodzi, thanki, developer, thumba, mtundu wa filimu. Vuto likhoza kutha, koma osadziwa chimene chalithetsa, ndipo likadzabweranso ndalama zimalowanso kachiwiri.

Nanga filimu imene yavulala kale? Musaitaye. Chifunga chofanana, chosanyanya, chimadutsika: posindikiza pa pepala mumatalikitsa nthawi n'kukweza contrast, kusiyana kwa poyera ndi pakuda, ndipo pa sikana mumatenga m'mphepete mwa filimu kukhala poyambira kuda kwa chithunzi. Chimene chimatayika ndi tinthu ta m'mithunzi, ndipo timadontho timakhakhala kuposa kale, koma nkhope zimabwera. Cha mikwingwirima n'chovuta, chimafuna kukonza chithunzi chimodzichimodzi, mwina kungodula mbali yovulalayo. Pali mankhwala otchedwa Farmer's reducer, osakaniza potassium ferricyanide ndi thiosulfate, amene amadya siliva wopyapyala pa negetivu yakuda ndi yoyera ndipo amatha kuchepetsa chifunga. Koma sasankha: siliva wa chifunga ndi siliva wa m'mithunzi ya chithunzi chanu amadya limodzi, ndipo chimene wadya sichibwerera. Musanawakhudze, dutsitsani filimu yonse pa sikana mmene ilili, kenako muyambire pa chithunzi chimene simungachilire.